Ululu Wobwera Lamulungu Loyamba

Kudera la Zingalume, ng'ombe ikatupa pakhosi chifukwa cha goli, anthu salimbana n'kufunsa kuti yatani. Amangomufunsa mwini wake kuti, "Nanga osapita kwa a Yakobo bwanji?" A Yakobo Sakala asema magoli kwa zaka zoposa makumi atatu, ndipo sanasemepo goli la ng'ombe imene sanaione ndi maso awo. Munthu akafika ndi mtengo wake wa bulugama, iwo amati, "Mtengo ndauona, koma eni khosi ali kuti?" Amanyamuka okha mpaka kukhola, n'kukasisita linunda la ng'ombe iliyonse, kuyeza ndi zikhatho, kenako n'kubwerera akung'ung'udza nyimbo ya kwaya imene mpaka lero sakuidziwa mawu ake onse.

Ndi munthu wamfupi, wa manja akuluakulu, wolankhula mochedwa moti wopupuluma amawamalizira chiganizo. Sukulu analekezera Giredi 5. Luso la magoli anatengera kwa atsibweni awo, ndipo ali mnyamata anakayesako ntchito pafamu ya fodya kufupi ndi Chipata, koma anabwerako patatha zaka ziwiri, akuti sangakhale moyo wodzutsidwa ndi belu. Kukangana sakudziwa. Akakwiya amatenga kasemasema wawo n'kuyamba kunola, ngakhale anali atanola kale m'mawa womwewo, ndipo apabanja onse amadziwa kuti mwala ukamalira nthawi yolakwika, pali amene walakwa.

Akazi awo, a Philomena, anawapeza ku Pembamoyo atapititsa goli kwa bambo wina kumeneko. Goli analisiya tsiku lomwelo, koma anabwererako kanayi konse kukaona ngati likukwana, mpaka mwini ng'ombe anawauza kuti ng'ombe zili bwino, ngati pali china anene. Anakhala pachikamwini zaka zinayi, kenako anapempha chitengwa, popeza anthu owafuna magoli anali kwawo. Umo ndi mmene a Philomena anadzakhalira m'mudzi wa amuna awo, nyumba yawo itazunguliridwa ndi nyumba za alamu awo. Ana atatu anakula n'kuchoka, woyamba Tiyanjane, ndipo pakhomo panatsala anthu awiri ndi nkhuku.

A Philomena ndi aatali, oseka mokweza, ndipo sakhala pansi. Amayi a bungwe la Anna Woyera pa tchalitchi chawo chaching'ono atawasankha kuti aziwaimira kuparishi, palibe anadabwa. Mwezi uliwonse, Lachisanu loyamba, ankamanga katundu wawo panjinga n'kupita, kukagona komweko masiku awiri, n'kubwerako Lamulungu masana. Pobwerapo ankadzera pamsika wa pa boma la Chadiza. M'thumba mwawo munkatuluka botolo la mafuta ophikira a saladi, matimati, anyezi, nyama ya nkhumba ya mafuta, tsabola wa kambuzi ndi mabanzi. Asanavule n'komwe chitenje cha bungwe, moto unali utayaka, ndipo ndiwo za tsiku limenelo zinkanunkhira mpaka kwa aneba. A Yakobo ankadya mosalankhula, kuwonjezera kawiri, kutsitsira tiyi, kenako n'kugona chagada pamphasa pansi pa mtengo wa mango, akumvetsera nkhani za kuparishi.

Ululu unayamba Lamulungu lotere, m'mwezi wa Meyi, anthu akukumba mtedza. Atangogona pamphasa paja anamva kutentha pakati penipeni pa chifuwa, kuseri kwa fupa, ngati ameza khala la moto n'kuima panjira. Kutenthako kunakwera mpaka kukhosi, m'kamwa munadzaza madzi owawasa, ndipo ululu unaboola mpaka kumsana. Anadzuka n'kukhala tsonga, thukuta lili kamukamu. A Philomena anawapatsa madzi, anawasisita pamsana, ndipo patapita nthawi zinaleka. Masiku ena mkati mwa mwezi kunkabwera kakutentha pang'ono akawerama nthawi yaitali posema, koma kameneko sankakawerengera. Lamulungu loyamba la Juni ululu waukulu uja unabweranso. La Julayi chimodzimodzi.

Munthu amene anayamba kuwerenga masabata ndi a Ebelesi, mlongo wawo wamkulu wa a Yakobo, amene khomo lawo limayang'anizana ndi mtengo wa mango uja. Tisawanenere zoipa a Ebelesi. Ndi iwo amene anamubereka kumsana Yakobo mayi awo akudwala, ndipo mpaka lero akamuona akutsokomola amasiya zimene akuchita. Koma chikondi chawo chili ndi maso akuthwa kwambiri, ndipo chimene chaona sichikhala nacho chete. Tsiku lina m'mawa anawapeza a Yakobo akuboola pagoli mabowo a zikeyi, timitengo topanira khosi la ng'ombe, nakhala pachitsa.

"Alongo, matenda anuwa ali ndi kalendala," anatero a Ebelesi. "Mwezi wonse muli bwino. Akazi anu akangobwera kuchokera kumene amapitako, n'kukuthirirani mchere m'ndiwo, chifuwa chagwira. Ine ndine mwana kodi?"

A Yakobo sanadzutse mutu. Ankadziwa kumene nkhani ikupita. Kwathu kuno ngakhale amene amaimba kwaya anakula akumva za mdulo: akuti mkazi akayenda ndi mwamuna wina, n'kubwera kudzathira mchere m'ndiwo za pakhomo, amamudula mwamuna wake, ndipo matenda ake amagwira pachifuwa. Amatinso mkazi amene ali kumwezi asathire mchere, koma a Philomena zakumwezi anali atasiya kale, ndipo a Ebelesi anaonetsetsa kuti atchule zimenezo, kuti patsale njira imodzi yokha.

"Ndi mtima," anayankha a Yakobo. Mawuwo anangotuluka, sanawakonzekere. "Mwaiwala mmene anapitira atate? Anagwa m'munda atagwira pachifuwa. Ndi mtima wa kubanja kwathu, alongo. Amake Tiyanjane asalowemo."

A Ebelesi anachoka osakhutira, ndipo mwala wonolera unalira mpaka masana.

Kuyambira tsiku limenelo a Yakobo anasanduka wodwala mtima. Ankauza aliyense, ngakhale amene sanafunse. Wobwera ndi mtengo wa goli ankamva kaye za mtima, wodutsa ndi ngolo ankaimitsidwa kuti amve za mtima. Anaganiza kuti akalifalitsa dzina limeneli, dzina linalo lisowa pokhala. Koma bodza ukalinena tsiku ndi tsiku umayamba kulimva m'thupi. Anayamba kuyenda pang'onopang'ono, dzanja lili pachifuwa. Anakana magoli awiri, anthu n'kupita nawo kwa mmisiri wina amene amasema ngati akusema mpini. Anayambanso kuwauza akazi awo kumene amasunga zida, ndi kuti goli la a ujeni latsala pati, monga amachitira munthu amene akutsanzika.

A Philomena anawachonderera kuti apite kuchipatala. Tiyanjane anaimba foni kuchokera ku Chipata, kulira ndi kukalipa komwe. A Yakobo ankangoti mawa, kapena tikamaliza kusenda chimanga. Chifukwa chenicheni sanamuuze munthu. Imfa ankaiopa ndithu, koma chimene ankachiopa kwambiri n'chakuti adokotala angawapime n'kunena kuti mtima ulibe vuto. Akatero, m'mudzi mukanatsala mawu a a Ebelesi okha. Anasankha kukhala munthu woyembekezera kufa kusiyana n'kuti akazi awo atchedwe dzina la mkazi woyendayenda, ndipo mumtima mwawo ankadziona ngati achita chamuna.

Koma nkhani ya m'mudzi simaima chifukwa mwini wake waikana. A Philomena anaimva pamaliro a gogo wina wa mudzi woyandikana nawo. Amayi anali kuseri akuphikira anthu, ndipo iwo, monga mwa masiku onse, ndi amene ankayang'anira mphika waukulu wa nyemba. Atatapa mchere kuti athire, mayi wina anawagwira pamkono mofatsa, akumwetulira, n'kuwatsegula chikhatho, kukhuthulira mcherewo m'dzanja lake. "Pumulani amayi, mwatopa ndi maulendo," anatero mayiyo. Amayi onse anangoyang'ana m'miphika yawo, ndipo a Philomena anazindikira kuti aliyense pamenepo ankadziwa kale kanthu kamene iwo okha sankakadziwa.

Anafika kunyumba maso ali gwa. Anaphika, anabweretsa ndiwo zopanda mchere, mcherewo n'kuuika padera m'kambale. A Yakobo atauona anamva manyazi mpaka m'mapazi.

"Amake Tiyanjane, n'chiyani chimenechi?"

"Thirani nokha, a Sakala. Dzanja langa akuti likukuphani."

"Ine ndanena kuti ndi mtima."

"Mwanena," anatero a Philomena, n'kuyamba kudya zawo zosathira kanthu.

Mwezi wa Ogasiti a Philomena sanapite kuparishi. Anatumiza uthenga kuti amuna awo akudwala. Lamulungu loyamba linafika, anadya nkhwani wotendera monga masiku ena onse, ndipo ululu sunabwere. Mayi wosalakwa uja anali atadzitchera yekha msampha osadziwa. Lolemba m'mawa a Ebelesi ankauza anthu pachitsime kuti, "Mwaona? Angokhala pakhomo mwezi umodzi, munthu wachira." Anayamba kukamba zoitana ankhoswe, ndi za sing'anga wina wa ku Zemba amene mankhwala ake a mdulo amagwira ntchito pokhapokha mkazi ataulula. Ndipo apa tinene zoona, pakuti a Yakobo anadzazinena okha pambuyo pake: Lamulungu limene ululu sunabwere, iwo sanakondwere. Anakhala pansi pa mango paja akuyang'ana akazi awo akupeta mtedza, ndipo kaganizo kena konyansa kanawadutsa m'mutu. Anakathamangitsa, koma kanali katadutsa.

Lachiwiri la sabata yotsatira a Philomena anatulutsa njinga, n'kumangirira kutsogolo kachikwama ndi mtolo wa zitenje.

"Ku kiliniki andipatsa kalata yoti tipite nayo kuchipatala cha pa boma," anatero. "Kwerani, ndikupalasani ine, poti ndinu a mtima. Mukakana, njinga yomweyi indifikitsa ku Pembamoyo, muchire bwino ine kulibe. Zaka makumi atatu ndi zitatu ndakhala pamudzi pano, sindingathe kumalowa pachitsime anthu n'kusiya kulankhula."

A Yakobo anayang'ana mtolo uja. Sunali mtolo wa tsiku limodzi. Anavala jekete lawo la kutchalitchi n'kukwera pakaliyala, ndipo anthu a m'mudzi anaona mmisiri wawo akupalasidwa ndi mkazi, miyendo ili lendelende.

Kuchipatala anadikira pabenchi mpaka dzuwa kufika pamutu. Amene anawaona anali mayi wachitsikana, dzina lake Cathrine, wolankhula mofulumira koma womvetsera bwino. Sanachite nawo chibwana ululuwo. Anati kupweteka kwa pachifuwa kwa munthu wa zaka zawo, amenenso bambo ake anagwa mwadzidzidzi, kumayamba kwayezedwa ngati kwa mtima, ndipo anawadzudzula kuti akhala bwanji miyezi inayi. Anawayeza kuthamanga kwa magazi, anawamvetsera pachifuwa ndi kumsana, anawatenga magazi, kenako anawagoneka n'kuwamata timawaya tolumikiza ku makina olemba kagundidwe ka mtima papepala. Anawafunsa ngati ululu umabwera akamakwera chitunda kapena akamanyamula mitengo. Iwo anati ayi, pamenepo ndiye amakhala bwino.

Atawaitananso, Cathrine anali akumwetulira. "Atate, nkhani yabwino. Pa zonse tayezazi, mtima wanu sukuonetsa vuto."

Anayembekezera kuona munthu akusangalala. M'malo mwake bambo uja anagwetsa nkhope.

"Adokotala," anatero a Yakobo motsitsa mawu, "simungalembe kuti ndi mtima? Ngakhale pang'ono pokha?"

Cathrine anayang'ana a Philomena, amene anali atakhala pampando wapakona akuyang'ana khoma. Mtsikanayo anabadwira m'boma lomweli, choncho sanafunike kuuzidwa zambiri. Anatseka chitseko, anakokera mpando pafupi n'kunena kuti, "Sindilemba bodza. Koma ululu wanu ndi weniweni, ndipo uli ndi kumene ukuchokera. Pachifuwa sipakhala mtima wokha. Kuseri kwake kumadutsa m'mero, njira ya chakudya yopita m'mimba. Tiyeni tiufufuze. Lamulungu limene mumadwalalo mumadya chiyani?"

A Yakobo anafotokoza za nkhumba, saladi, kambuzi, mabanzi ndi tiyi. Anavomera kuti amawonjezera kawiri, ndi kuti akatha amagona chagada.

"Nanga Loweruka?"

A Yakobo anakanda kumutu. "Tiyi."

"Ndi chiyani?"

"Tiyi basi. Wamasamba ambiri."

"Lachisanu madzulo?"

"Tiyi yemweyo. Ndi fodya pang'ono." Anaonjeza kuti msana ukavuta chifukwa chowerama amamwa mapilisi opha ululu amene amagula pagolosale, awiri m'mawa, awiri masana, ndipo masiku amene ali okha amamwa ochulukirapo popeza amasema mpaka dzuwa kulowa, alibe wowaitana.

Apa a Philomena anatembenuka. "Nanga ufa ndi ndiwo zimene ndimakusiyirani? Mumandiuza kuti mwadya."

"Ndimapatsa ana a kwa alongo."

"Chifukwa?"

"Mukachoka njala sindiimva, amake Tiyanjane. Ndimayesa. Ndikakhala pamphasa ndekha, chakudya sichindikomera. Ndiye ndimangodikira Lamulungu."

Kwa zaka zitatu zonse za maulendo a kuparishi, mayi uja ankaganiza kuti amuna awo amadya kwambiri tsiku limenelo chifukwa cha nkhumba.

Cathrine anawafotokozera bwinobwino, akujambula papepala. M'mimba muli madzi owawasa ogaya chakudya. Munthu akakhala masiku awiri wopanda kanthu m'mimba, akungothiramo tiyi wowawa, utsi wa fodya ndi mapilisi opha ululu aja, khoma la m'mimba limanyuka, mwinanso kuchita zilonda. Kenako abwere adzazemo nthawi imodzi chakudya chambiri, chamafuta ndi tsabola, n'kugona chagada pomwepo, madzi aja amabwerera m'mero n'kuwotcha. N'chimene anthu amati chilungulira, koma chikakula chimapweteka moti munthu amalumbira kuti ndi mtima. Anati palinso zina za m'mimba zimene zimatha kupweteketsa pachifuwa, monga timiyala ta mu ndulu kapena mpweya wodzaza, ndipo ngati mankhwala sathandiza adzafufuza zimenezo. Anawapatsa makapisozi omwa m'mawa asanadye kwa mwezi wathunthu, nawaletsa mapilisi a pagolosale aja. Anawauza kuti azidya pang'onopang'ono koma kangapo patsiku, achepetse mafuta, tsabola ndi fodya, asagone kapena kuwerama atangodya. Anawachenjezanso kuti akadzasanza magazi, akadzaona chimbudzi chakuda bii, chakudya chikamakanirira pomeza, kapena ululu ukadzabwera ndi befu n'kutsikira kumkono, asadikire Lamulungu lina.

"Nanga mchere?" anafunsa a Philomena, mawu ali phee.

"Mchere wambiri si wabwino kwa aliyense, amayi," anayankha Cathrine akuwayang'ana m'maso. "Koma dzanja lothira lilibe kanthu. Mwezi uno umene simunapite sanadwale chifukwa anadya masiku onse ngati munthu."

Pobwerera anapalasa ndi a Yakobo. Mphepo ya Ogasiti inkaulutsa fumbi ndi mapesi m'minda yokololedwa, koma iwo ankamva thupi lopepuka ngati la mnyamata. Ankalankhula okhaokha, zimene sachita kawirikawiri: kuti akawauza a Ebelesi, kuti pepala lili m'thumba, kuti goli la a ujeni alimaliza Loweruka. Atafika pamphambano pamene njira ina imapatukira ku Pembamoyo, anamva dzanja likuwagwira jekete.

"Imani apa."

Anaima. A Philomena anatsika, n'kuyamba kumasula mtolo wawo.

"Amake Tiyanjane, simunamve adokotala? Nkhani yatha."

"Ya m'mimba yatha," anatero a Philomena. "Ndikufunseni chinthu chimodzi, a Sakala, ndipo musandiyankhe ngati mukuyankha alongo anu. Miyezi inayi munkakana chipatala. Munkaopa kuti akapeza mtima uli bwino, patsala chiyani?"

A Yakobo anatsegula pakamwa kuti anene kuti ankawateteza. Mawuwo anali okonzeka, ndipo theka lake linali loona. Koma anaona nkhope ya mkazi amene anawapalasa mtunda wonse uja m'mawa, ndipo anazindikira chimene iwo eni anali asanachione. Munthu wosakayika akanapita kuchipatala mwezi woyamba, n'kubwera kudzauza mudzi wonse kuti mtima uli bwino, mkazi wanganso ali bwino, tifufuze china. Iwo anabisala kuseri kwa matenda a bambo awo, n'kumusiya mkazi yekha pabwalo.

"Ndinakayika," anatero. Misozi inatsika osaipukuta. "Tsiku limodzi. Lamulungu lija simunapite."

"Ndinaona. Ndinali kupeta mtedza." A Philomena anapuma mozama. "Za a Ebelesi sizinandipweteke kwambiri, ndimawadziwa. Za pamaliro ndinapirira. Koma diso lanu la tsiku lija ndi limene linandimangitsa mtolowu. Ndimafuna mungolinena ndi pakamwa panu, kuti ndisamayese ndinalota."

Anawakonzera kolala ya jekete imene inapindika, n'kuwaika makapisozi aja m'thumba la pachifuwa.

"Ndikupita kwathu ndikaone abale anga. Sindikuthawa. Mudzanditenge Lachisanu, koma musadzabwere nokha. Amene ananditulutsa m'mudzi muja ndi pakamwa pawo adzabwere adzandilowetsenso. Ndipo inu muzidya. Ndikadzamva kuti mwakhalira tiyi, mudzabwerera nokha."

Anasenza mtolo n'kulowa njira ya ku Pembamoyo, osacheuka. A Yakobo anaima pamphambanopo mpaka chitenje chinabisika kuseri kwa mitengo.

Atafika kumudzi sanalowe m'nyumba mwawo. Anatsamiritsa njinga pakhonde la a Ebelesi, pamene panali amayi ena atatu akusenda chimanga, ndipo sanadikire kuti achoke. Munthu wolankhula mochedwa uja analankhula tsiku limenelo popanda womumalizira. Anati mtima wawo ulibe vuto ndipo bodza la mtima analipeka okha. Anafotokoza za tiyi, za mapilisi, za ufa umene ankapatsa ana a pakhomo pomwepo, ndipo a Ebelesi, amene ankaulandira ufawo mwezi ndi mwezi osafunsa, anasiya chitsononkho chili m'manja. Pomaliza anati, "Munandilera ndinu, alongo, ndipo sindinakukanizenipo kanthu. Koma mkazi uja sanandilakwire. Tamulakwira ndife, inu ndi pakamwa, ine ndi mantha. Lachisanu tikupita limodzi."

A Ebelesi anangotola chimanga china n'kuyambiranso ntchito yawo. Anthu a msinkhu wawo sagonja pamaso pa anzawo osenda nawo chimanga. Koma m'mawa mwake, a Yakobo asanatulutse zida, anamva kugogoda. Pakhomo panali a Ebelesi ndi kambale ka phala. Anakhala pachitsa paja n'kudikira mpaka mbale inayera.

Lachisanu a Yakobo anapalasa mtunda wonse wa ku Pembamoyo ali ndi mlongo wawo pakaliyala, mayi wa zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zinayi, wathupi lake ndithu, amene anadandaula za mabampu kuyambira pakhomo mpaka pamphambano. Atapatuka pamenepo madandaulo anatha. Anawapeza a Philomena pakhomo pa mng'ono wawo akuyanika mtedza. A Ebelesi anatsika movutikira, anakonza chitenje, anayenda mpaka pamphepete pa mphasa, ndipo pamaso pa abale a mkaziyo anagwada pafumbi, chinthu chimene a Yakobo anali asanachionepo chibadwire.

"Alamu, ndabwera ndine," anatero a Ebelesi. "Ndinanena zimene sindinazione. Ndikazibweza pachitsime pomwe ndinazinenera. Tiyeni kwanu."

A Philomena anawagwira mkono n'kuwadzutsa, nawasasa fumbi m'maondo. Kenako anayang'ana amuna awo, amene anaima poteropo atagwira njinga, chipewa chili m'manja. Anawayang'ana bwinobwino, masaya, khosi, lamba.

"Mwakhala mukudya?"

"Ndakhala ndikudya."

"Kangati?"

"Kanayi patsiku," anayankha a Ebelesi m'malo mwawo, akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Ndimachita kukhala pomwepo. Koma amadya ngati akumwa mankhwala, alamu. Ine ndalephera."

A Philomena analowa m'nyumba kukatenga mtolo wawo.